Nkhuku ya mayi Nabanda yabwerera ku Kapondo

Lachiwiri ndinakwera minibasi kuchokera pa boma kupita ku Kamwendo. Pambali panga panakhala mayi wina atafukata nkhuku yoyera yomangidwa miyendo. Ine pakamwa sipakhala chete, ndiye ndinawaseka kuti yasowa wogula kodi.

"Si yamalonda, bambo," anatero. "Ndimati ndikathokozere mwana wanga akatuluka."

Dzina lawo ndi mayi Nabanda, a ku Kapondo. Mwana wawo Yamikani ali ndi zaka 14, ali sitandade 7, koma ndi wamtali ngati malemu bambo ake. Patchuthi anapeza ganyu yokankha njinga ya matumba a wamalonda wina, kudzera njira zachidule zochokera ku Zambia. Apolisi anawagwira awiri pa mlandu wozembetsa katundu, iyeyo ndi mwana wa mwini katunduyo, mnyamata wandevu amene ali kale pabanja.

Kunja kwa khoti, bambo wina wa jekete anaitanira mayiwo pansi pa mtengo. "Mayi, akuluakulu m'katimu amafunika kuwaona."

"Ndidzawaona ndithu, mwana akangotuluka," anayankha motero, ndi mtima wonse.

Apa ndi pomwe analakwitsa. Kumudzi timathokoza ntchito ikatha. Wokufolerera nyumba umamupatsa nkhuku udzu uli kale padenga. Mayiwa sankadziwa kuti pakhomo limeneli kuthokoza kumayambirira.

Tsiku la mlandu, wandevu uja anapezeka kuti ali ndi zaka 16. Nkhani yake inapita ku khoti la ana, ndipo pano ali kwawo. Yamikani anapezeka ndi zaka 19. Ali pa rimandi, akugona chipinda chimodzi ndi akuluakulu.

"Ndinaimirira kuti ndinene kuti ndinamubereka ndine," anatero. "Anandiuza kuti ndikhale pansi."

Ine sindinaone dzanja likupatsira dzanja linzake, ndipo sindikuti onse ogwira ntchito m'makhoti ndi otero. Koma tandiuzani, ndi maso otani amene amaona ndevu n'kuti ndi mwana, n'kuona mwana wa pulayimale n'kuti ndi bambo?

Ndikuuzeni zoona, ndachita mantha. Ziphuphu tinazizolowera pamsewu, mwina mpaka tinasiya kuzidabwa. Koma izi ndi zina. Lamulo linaika khoti la ana kuti mwana wolakwa awongoledwe, asasakanizidwe ndi akuluakulu. Chitseko cholowera kumeneko ndi zaka zakubadwa basi. Nanga ngati zakazo zikugulitsidwa pansi pa mtengo, mwana wa mlimi alowera pati?

Ndi angati m'midzi mwathu muno amene ali ndi chikalata cha kubadwa cha mwana aliyense? Ambiri timangokumbukira kuti anabadwa tikukumba mtedza, chaka chimene mvula inachedwa. Mayi amadziwa bwinobwino, koma mawu a mayi sadindidwa chidindo. Ndipo kuno kumalire, ndi mnyamata uti amene sanakankhepo thumba la munthu osafunsa za m'kati mwake?

Mayi Nabanda anamuona mwana wawo Lolemba. Akuti mwanayo sanalire. Anangowapempha kuti asabwerenso ndi chakudya, chifukwa amene amadya ndi ena. Atawafunsa kuti usiku amagona bwanji, anangoyang'ana pansi. Kuyang'ana pansi kumeneko ndi kumene kukundisowetsa mtendere.

Pa Kamwendo mayiwo anatsika kukafuna kabaza wa ku Kapondo, nkhuku ili m'khwapa. Anandifunsa funso limodzi: "Kodi ndikapita nayo mawa, akhoza kumubwezera zaka zake?" Kenako anakwera kabaza n'kumapita.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nditafika kunyumba ndinapeza mwana wanga Chisomo, wa zaka 15, akukonza tcheni cha njinga pakhonde. Ataimirira kuti andilandire chikwama, ndinaona kuti wandipitirira msinkhu, ndipo pamlomo pake payamba kuda.

Mwezi watha ndikanaitana mayi ake kuti adzaone, tiseke. Tsikulo ndinamulanda njingayo n'kuikiyira m'nyumba.