Mabedi a Matabwa Aawisi

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi ochepa. M'tauni yonse amangoti a Pensulo, chifukwa pensulo siichoka pakhutu pawo. Kumaliro amapita nayo, kuchipatala amapita nayo, ndipo akazi awo amalumbira kuti tsiku la ukwati anachita kuwalanda. Ndi kalipentala. Shedi yawo ili kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka madiresi amene tsiku lililonse amadandaula za utuchi wolowa m'makina ake.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, munthu wosaseka, amene akapeza msomali pamwendo wa bedi ankaphwasula bedi lonse n'kukuuza kuti uyambirenso. Mwendo umasemedwa, thabwa lilowe m'thabwa linzake, guluu agwire. Thabwalo liyambe lagona pamthunzi mpaka liume, chifukwa laliwisi limanyenga. Lero ligwira bwinobwino, koma pakapita miyezi lafota, ndipo polumikiza ponse payasama. A Pensulo anakula nazo zimenezi ndipo ankazinyadira mopitirira muyeso. Ankakonda kunena pagulu kuti theka la ana a m'dera lawo linayambira pa mabedi awo, azimayi n'kumabisa nkhope m'manja.

Koma matama sagula ufa. M'masitolo munadzaza mabedi achitsulo otchipa, ndipo achinyamata okwatira anasiya kufika kuseri kwa msika. Anthu ankangobweretsa mipando yothyoka ndi zitseko zokana kutsekeka. A Pensulo ankakhala tsiku lathunthu akunola tchizulo yakuthwa kale. Kunyumba denga linkadontha, ndipo mwana wawo wamkazi anali atabwezedwa kukoleji chifukwa cha fizi.

Chaka chimenecho boma linachita lendi fakitale yakale ya nsalu kumapeto kwa tauni, kuti muzigona anthu othawa nkhondo kwawo podikira kuti nkhani zawo ziunikidwe. M'tauni munabuka phokoso. Pa wayilesi anthu ankaimba foni kufunsa kuti misonkho yawo ikupita kuti. Kometera tsitsi nkhani inali yomweyo, ndipo mawu a a Pensulo ndiwo ankamveka kwambiri.

“Ine ndabadwira muno, denga langa likudontha,” ankatero. “Wina wangofika dzulo, boma lamuyalira kale.”

Amene anawayalirawo anadzakhala iwo omwe. Mchimwene wa akazi awo ndi munthu wa makontirakiti, uja kampani yake yonse imakwana m'chikwama cha m'manja. M'mawa wina anaimika lole pakhomo pa shedi, itadzaza matabwa a paini ochekedwa kumene. Anati wapeza ntchito yopanga mabedi osanjikizana a kufakitale kuja, ndipo akufunika mwezi usanathe, chifukwa anthu akugona pasimenti.

A Pensulo anagwira thabwa limodzi, utomoni n'kuwamata m'manja.

“Alamu, awa si matabwa. Iyi ndi mitengo.”

“Akaumira komweko.”

“Ndipatseni miyezi iwiri aume.”

“Boma silidikira miyezi iwiri, alamu. Nanga ogonapowo ndi mabwana? Ena mwa iwo bedi aliwonera konkuno. Mukakana ndingolowa kwa wowotcherera uyu, mlongo wanga azingokhalabe ndi mabeseni pabalaza.”

Anavomera. Panalibe nthawi yosema miyendo, ndiye anangokhoma misomali. Anthu apaderadera sakanaona kanthu, chifukwa vanishi amabisa zambiri, koma iwo ankadziwa chimene akuchita pa bedi lililonse. Ankagwira ntchito atafulatira msewu. Ndalama itabwera denga linafoleredwa, mwana anabwerera kukoleji, ndipo m'nyumba munanunkhiranso nyama. Kometera tsitsi ankapitabe. Anzawo akayamba za misonkho, iwo ankangogwedeza mutu ngati munthu wodwala dzino.

Nyengo yotentha itafika, paini uja anachita zake. Mabedi anayamba kugwedera, ena kupendekeka. Masana ena bedi lam'mwamba linagwera mayi wokalamba amene anali atakhala pansi pake, n'kumuthyola mwendo. Nkhani itafika m'tauni inali itasintha kale. Akuti othawawo akuthyola dala mabedi kuti apeze nkhuni. Akazi a a Pensulo anaimva kumpopi n'kubwera nayo kunyumba yotenthatentha.

“Anthu osayamika. Inu munakhetsa thukuta, iwo n'kumasonkhezera moto.”

A Pensulo anangoyang'ana m'mbale.

Ntchito yokonza mabediwo inapitanso kwa alamu omwe aja, chifukwa zinthu za boma zimayenda choncho, ndipo alamuwo anatenganso a Pensulo. Aka kanali koyamba kuti alowe m'fakitalemo. Chinali chipinda chimodzi chachitali, mawindo ali m'mwamba, pansi pakuonekabe zipsera za pamene panali makina. Mabanja anali atadzigawira malo ndi mabulangete opachika pazingwe. Nsapato zinali pamzere, mapoto otsukidwa atavundikiridwa bwino. Ndipo paliponse panali mabedi awo. Lina linali litatsamira njerwa, lina lomangidwa ndi waya, lina lokulungidwa ndi nsanza polumikiza. Palibe ndi limodzi lomwe limene linasowa thabwa. Anthuwa sanali kuwotcha mabedi ayi, anali kuwasamala ngati odwala.

Mayi woyang'anira malowo, wotopa, makiyi ali m'chiuno, anawatengera kungodya ya kumapeto. Apo panali mayi wokalamba uja, mwendo uli m'chikhakha, atakhala pamatiresi pansi. Zidutswa za bedi zinali zitasanjidwa bwino kukhoma. Pambali pake panaima mwana wake, bambo wamtali wa imvi m'ndevu, amene anaphunzira chilankhulo cha kuno ponyamula katundu pamsika ndipo ankachilankhula pang'onopang'ono. Mayiwo sankamva liwu ndi limodzi lomwe la chilankhulocho. Ataona bokosi la zida anamwetulira, nakankhira a Pensulo kampando kokhako kamene anali nako.

“Mayi akuti takulandirani,” anatero bambo wamtaliyo. “Akuti amisiri saima.”

Woyang'anira anafotokoza mosazungulira. Chifukwa cha phokoso la m'tauni, akuluakulu anali atalamula kuti wothyola bedi mosasamala asapatsidwe lina. Ngati vuto lili pa bedilo, banja lipatsidwa latsopano, ndipo wopereka mabediwo ayankhe mafunso.

“Ine za matabwa sindizidziwa,” anatero. “Awa ndiwo anapanga mabediwa. Bambo, taonani mutiuze. Lathyoka lokha, kapena alithyola?”

Apa m'pamene bambo wamtali uja anayang'ana a Pensulo kachiwiri. Alamu anali chapakhomo, akuseweretsa makiyi a galimoto.

A Pensulo anagwada n'kutenga mwendo wa bedi. Sanafunike n'kuuyang'ana komwe. Thabwa linali litafota mpaka kusiya mpata wolowa chala, msomali utasolola wokha, wosapindika n'komwe. Mwana woyamba kumene ntchito akanaona. Anautembenuza uku ndi uku, akuganiza za mlongo wa alamuwo, za koleji, za dzina lawo likutchulidwa pa wayilesi.

“Matabwawa ndi abwino,” anatero. “Pamenepa panalemedwa. Kaya ana amadumphirapo, kaya pamagona anthu ambiri.”

“Pamwamba pamagona ine ndekha, bambo,” anatero wamtaliyo. “Tilibe ana. Tsiku limenelo panalibe munthu.”

“Ine ndikunena zimene ndikuona pathabwa.”

Woyang'anira anapuma mozama n'kunena kuti nkhani yatha. Anthu anabwera kudzatola zidutswa zija. Bambo wamtaliyo sanakangane nawo. Mayi ake atafunsa chimene chikuchitika, anawayankha mawu ochepa m'chilankhulo chawo, ndipo mayiwo anagwedeza mutu mokhutira. Kaya anawauza chiyani. A Pensulo akunyamula bokosi lawo, mayiwo anawagwira dzanja ndi manja onse awiri, nalankhula mawu ambiri ofatsa, maso ali kumwamba. Dalitso limadziwika ngakhale m'chilankhulo chachilendo. A Pensulo anachita manyazi oti nthaka ing'ambike, koma dzanjalo sanalichotse.

Ntchito yokonza inatenga masiku, ndipo ngodya ija inali panjira yopita kumpopi. Tsiku lililonse ankaona bambo wamtali uja atawerama, akudzutsa mayi ake pasimenti kuti apite nawo kuchimbudzi. Kudzutsa munthu wa chikhakha pansi si masewera. Mayiwo ankaluma mlomo, mwana wawo akunjenjemera miyendo, pakuti nayenso sanali mnyamata. Akakumana m'njira, bamboyo ankapereka moni mwaulemu n'kupatuka. A Pensulo akanakonda atawatukwana.

Kunyumba chakudya chinasiya kutsika. Ankadzuka osalankhula, n'kumakalipira mphaka popanda chifukwa. Tsiku lina anakwera pamwamba pa shedi n'kutsitsa matabwa a mtengo wolimba amene anawasunga zaka zambiri, oti adzapangire mwana wawo bedi akadzakwatiwa. Anali ouma gwa, olira bwino ukawagogoda. Anawapala ndi puleni, nasema miyendo mmene anaphunzirira, osagwira hamala ndi kamodzi komwe. Bedilo analipanga lalifupi msinkhu, loti munthu atakhala phazi lizifika pansi, ndipo mbali imodzi anaikako chogwirira podzuka.

Akazi awo anabwera ndi tiyi n'kuima pakhomo.

“Matabwa a mwanatu awa, bambo. Bedi limeneli n'landani?”

“La mayi wothyoka mwendo uja.”

“Amene anathyola bedi?”

“Sanathyole kanthu.”

Akaziwo anaika kapu pabenchi. Anayamba kuchotsa utuchi pansalu yawo.

“Matabwa a mabedi aja anali aawisi eti?”

“Inu simunawaone akudontha?”

“Ndinawaona,” anatero motsitsa mawu. “Imwani tiyi asazizire.”

Za kukauza woyang'anira zoona zake sanakambirane. Onse awiri ankadziwa kuti bedi n'losavuta kunyamula kusiyana ndi mawu amenewo.

Loweruka m'mawa anabwereka ngolo yokankha kumsika, namangapo bedi lija. Njira yopita kufakitale ndi yaitali ndipo ili ndi chitunda. Anthu ankawaimitsa kufunsa mtengo wake. Ometa tsitsi anatuluka ndi lumo m'manja n'kufunsa ngati a Pensulo akukwatira kachiwiri. Iwo anangoseka pang'ono n'kupitirira. Mumtima munali mutayamba kupepuka, ndipo anali atakonza kale mawu oti akanene. M'maganizo ankaona mayi aja atakhala pabedipo, bambo wamtali uja akuwagwira chanza a Pensulo, nkhani n'kutha mwakachetechete popanda wina kuvulala.

Pageti mlonda anawaimitsa.

“Katundu wakunja salowa, madala.”

“Ndi ine kalipentala uja. Ndakhala ndikulowa muno sabata yonse.”

“Ndakudziwani. Koma chichitikireni ngozi ija lamulo n'lakuti bedi lililonse lizichokera kwa wakontirakiti. Akuti la munthu wamba likhoza kugwera wina.”

A Pensulo anapempha kuti aitanidwe woyang'anira. Mayiyo anabwera, nayang'ana bedi, nayang'ana iwo, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti wamvetsa zambiri kuposa zimene anauzidwa.

“Bambo, ine ndinakufunsani pamaso pa anthu,” anatero. “Munayankha. Ngati yankho lasintha, tiyeni ku ofesi mukalinene, mayi aja apatsidwa bedi lero lomwe. Ngati silinasinthe, ine ndilibe mphamvu yolowetsa ili.”

Ofesiyo inali pomwepo, chitseko chili chotsegula. A Pensulo anaiyang'ana. Anawerama n'kuyamba kumangitsa chingwe chimene chinali chomangika kale. Woyang'anira anadikira pang'ono, kenaka anabwerera mkati, makiyi akulira m'chiuno.

Bambo wamtali uja anali akuchokera kumpopi ndi ndowa. Anaona ngolo, naika ndowayo pansi, nafika pageti. Sanafunse kuti bedilo n'landani. Anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo za geti n'kusisita mutu wa bedi, kenaka chogwirira chija. Anatsitsa chala polumikiza mwendo, akufuna mpata, osaupeza. Anafunafuna msomali, osaupeza.

“Kani mumatha, bambo,” anatero wamtaliyo.

Sananene mokwiya. Anabweza dzanja lake n'kunyamula ndowa.

“Ndipite. Mayi akudikira kuti ndiwadzutse.”