Tsiku limene amayi anandigwadira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anga anavula yunifolomu ya usilikali n'kuyamba ntchito ya unamwino pasukulu yathu ku Thamesmead. Ku usilikali ankasamalira odwala ndi ovulala, koma usilikaliwo sanausiye kukampu, anabwera nawo kunyumba. Bedi loyala mokhota ankangoliyalula. Kwathu kudandaula kunalibe, ndipo ngakhale tinali ku London, madzi akumwa anafe tinkawapatsa amayi titagwada.

Chaka chimenecho nsapato zanga za kusukulu zinayamba kundithina. Sindinanene. Ndinkangopinda zala n'kumayenda pang'onopang'ono kuchokera potsikira basi, mpaka chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii.

Tsiku lina aphunzitsi anandituma kuperekeza mnzanga wina wotsimphina kukachipinda ka anamwino. Munkamveka fungo la mankhwala otsukira mabala. Amayi, munthu amene amuna akuluakulu ankamuimirira njo, anagwada pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato za mwanayo, akumulankhula ndi mawu ofewa amene ine ndinali ndisanawamvepo. Ndinachita manyazi kuona mayi wanga akugwadira mwana. Nsanje nayo inandigwira, ndisaname.

Atamaliza anaona mmene ndinaimira, thupi lonse litatsamira mwendo umodzi. Ankakonda kunena kuti msilikali amabisa matuza mpaka amugwetse paulendo, ndiye iwo anazolowera kuona mapazi asanaone nkhope. Anayenda ndi mawondo kufika pamene ndinali.

"Bwera nalo kuno phazilo, mwana wanga," anatero m'Chichewa, mnzanga uja akumva.

Ndinalibweza kumbuyo. Ndinawayankha m'Chingerezi, mouma, kuti ndili bwino, adzuke, anthu akuona. Anakhalabe chogwada kwa kanthawi, manja ali m'malere, kenako anadzuka n'kukonza siketi yawo. Loweruka ndinapeza nsapato zatsopano pakhomo la chipinda changa. Za phazilo sanafunsenso, ndipo sanandigwadirenso.

Patapita zaka anakwezedwa kukhala mkulu wa anamwino a m'sukulu za dera lathu lonse. Anamwino amene ankawayang'anira akabwera kunyumba ankandiuza kuti ndili ndi mwayi, mayi anga ndi munthu wachifundo, amawaphunzitsa kutsika pansi kuti maso awo alingane ndi a mwana. Ndinkangovomera. Amene ine ndinkamudziwa anali sajeni wa kuusilikali basi.

Pano ndikumvetsa. Ankatilera okha m'dziko la eni, ndipo ankaopa kuti akafewa kunyumba titayika. Malo okhawo amene ankadzilola kufewa ndi kachipinda kaja. Tsiku lija anandilowetsamo, ine n'kukana, ndipo mtima umandipweteka ndikakumbuka.

Tsopano anapuma pantchito, akudwala matenda a shuga, mapazi amawatupa. Sabata yatha ndinapita kukawaona ku Lewisham kumene akukhala. Ndinagwada kuti ndiwavule masokosi ndione zala zawo, monga amatilangizira kuchipatala. Analibweza phazi pansi pa mpando.

"Ndili bwino," anatero m'Chingerezi. "Dzuka."

Ndinakhalabe chogwada, manja ali m'malere, ndipo mpamene ndinadziwa mmene zinawapwetekera tsiku lija.