Msana womwe sunkamva

Tinkasoka fodya m'chigafa m'mawa umenewo, kwathu tsidya la malire, ku Mozambique. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mfuti zinayamba kulira cha kusukulu. Bambo anaika singano pansi nati akaone. Sanabwerenso.

Anthu amfutiwo anayatsa chigafa ife tili momwemo. Udzu woyaka unandigwera kumsana. Amayi anauzimitsa ndi chitenje chawo, tinathawa.

Tinayenda masiku awiri m'nkhalango ya Dzalanyama. Mng'ono wanga Esinta, yemwe anali wakhanda, ndinkamubereka ndine masiku onse. Ulendo uwu anamubereka amayi. Ine ndinkayenda chowerama, ntchentche zili pambuyo.

Ku Malingunde bambo wina anatikweza pangolo mpaka ku Mitundu. Kuchoka apo ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Madokotala anasenda khungu lopyapyala pantchafu panga, analiboola timabowo ngati ukonde, n'kuliyala kumsana. Ndinagona chafufumimba milungu itatu.

Khungulo linagwira. Poyamba linali lotuwa, kenako lofiirira, kenako linada kuposa thupi lonse. Ndikawerama linkakoka. Silinkatuluka thukuta. Choipitsitsa, silinkamva kanthu.

Tinakhazikika ku Mitundu. M'mawa uliwonse amayi ankandidzoza mafuta, n'kumandibaya ndi kaudzu, kufunsa ngati ndamva. Masiku ena ndinkanama kuti asangalale. Ankandigwira bodza, chifukwa nthawi zina ankafunsa asanabaye n'komwe.

Kumva kunayambira m'mbali, kumalowa m'kati pang'onopang'ono, n'kuyabwa koopsa. Pakati penipeni, malo aakulu ngati chikhatho, panangoti zii. Patatha zaka ziwiri amayi anataya kaudzu kaja.

Ndinakwatiwa ku Nathenje. Mwana wanga woyamba atabadwa, apongozi anga anandiletsa kumubereka. Sanali ankhanza ayi. Anangonena zomwe inenso ndinkaopa.

"Mwana akatentha thupi, mayi amadziwira kumsana. Nanga inu mudzadziwa bwanji?"

Miyezi itatu ndinamunyamula m'manja ngati mwana wa eni. Popita kuchigayo ankamubereka alamu anga, ine ndikutsatira pambuyo ndi thumba pamutu. Zinkandiwawa kuposa moto uja.

Tsiku lina onse atapita kumaliro, madzi anatha m'nyumba. Ndinamuponya kumsana, ndinamanga chitenje, ulendo wa kumjigo. Ndili pamzere ndinamva kufunda pakati penipeni paja, kukutsikira m'chiuno. Anali atandikodzera.

Ndinaima pomwepo ndikuseka, misozi ili chuchuchu. Amayi ena pamzerepo anandiuza kuti ndikasinthe chitenje. Ndinawauza kuti andisiye kaye.

Esinta ali moyo, amagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. Manda a bambo sitikuwadziwa mpaka lero. Amayi atabwera kudzationa anandipeza ndikusesa pabwalo, mwana ali kumsana. Sanafunse ngati ndikumva. Anangondikonzera mfundo ya chitenje.