Kapu ya tiyi ya abambo

Ku Sizinda, dera lomwe timakhala, aliyense amadziwa kuti ine ndimawonjezera nkhani. Ndikaona khoswe ndimati anali ngati galu. Abambo ndiye amachepetsa. Ali pantchito kunjanji chitsulo chinawaphwanya chala, iwo n'kumati chawakanda.

Lamlungu lina m'mawa tikukonzekera kutchalitchi, kapu ya tiyi inawapulumuka. Anaitola, inagwanso. Mlomo unali utapendekera kumanja, mawu akutuluka ngati avwira mbatata yamoto.

"Ndi kamphepo chabe," anatero. "Mawa ndipita kukiliniki akandiyeze bipi."

Amayi anavomera. Pakhomo pathu chifuwa, bala, m'mimba, zonse zinali za kukiliniki, wapansi. Chipatala chachikulu cha m'tauni, kuja amalandira angozi, abambo ankati n'cha ogundidwa ndi sitima. Munthu woti akuyenda yekha kupita kumeneko n'kuwatayitsa nthawi madokotala.

"Amayi, pakamwa papindika apa," ndinatero.

"Iwe, si dzulo lomweli umati kombi inauluka?"

"Inadumpha ndithu. Koma auzeni akweze manja onse awiri."

Anakweza monyinyirika. Lamanja linatsika lokha. Zimenezi ndinaziona pachithunzi kukiliniki komweko, tsiku lomwe ndinapita nditalumidwa ndi njoka imene anesi anapeza kuti inali minga.

Ndinathamangira kwa aneba athu achindebele, okhawo a galimoto mumzere wathu. Apa ndinawonjezera, sindikana. Ndinati abambo agwa, sakupuma. Anabwera thovu lometera lili kumaso, n'kupeza malemuwo ali pampando akulimbana ndi tayi ndi dzanja limodzi. Anandiyang'ana ine. Kenako anayang'anitsitsa abambo.

"Baba, asihambe," anatero m'chinenero chawo, kutanthauza kuti tiyeni, akuwadzutsa. Abambo sakana mlendo, ndiye anakwera.

Kuchipatala sitinaime pamzere. Anesi atangoona nkhopeyo anabweretsa njinga ya odwala, n'kufunsa kuti zayamba nthawi yanji. Nditatsegula pakamwa, amayi anandiponda phazi.

"Lero lokha unene zoona."

Ndinati hafu pasiti seveni, tiyi asanazizire. Adokotala anati ndi sitiroko, ndipo tikanadikira mawalo bwenzi tikunena zina.

Panopa akuyenda, kungoti tiyi amamwera kumanzere. Anzawo akabwera kudzawaona amawauza kuti kanali kamphepo. Ine ndimati ndinawabereka kumsana kuchoka ku Sizinda mpaka m'tauni. Alendowo amangotembenukira kwa amayi.