Miyezi Iwiri Imene a Gilford Sanalembe Kanthu

A Gilford Msiska a ku Area 25 anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri asanayambe za makompyuta. Kwawo ndi ku Rumphi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ana awo anakula n'kuchoka, pakhomo n'kutsala iwo ndi akazi awo, mayi Zipora.

Ndiwo anayambitsa pulogalamu yathu, yotumiza mauthenga pa foni kukumbutsa amayi tsiku lopita ndi mwana kusikelo. Pulogalamuyi ndi ya aliyense: woifuna amaitenga pa intaneti, kuiwerenga, kuikonza, osapempha munthu. Bungwe lina la kunja linatitenga kuti litilere, monga limachitira ndi mapulogalamu ongoyamba kumene. Lamulo lawo linali loti pulogalamu idzaima payokha ikadzaonetsa kuti sidalira munthu mmodzi.

Apa ndi pamene tinkagwera. Tinalipo asanu, kuphatikizapo ine Thokozire wa ku Biwi ndi Joel wa ku Kawale, ndipo tonse tinali ndi chilolezo chovomereza zimene wina wakonza. Koma ndani akanavomereza a Gilford asanaone? Pakakhala voti tinkadikira ayambe iwo, ife n'kumatsatira ngati anapiye. Mlangizi wa bungwelo anaziona, ndipo anakana kawiri konse kuti tiime patokha. Ife tinkati ndi ulemu, iye ankati ndi mantha. A Gilford eni ake zinkawakomera, ndinene zoona. Ankadzukira zimenezi m'mawa uliwonse, kudziwa kuti pali anthu anayi amene sasuntha iwo asanalankhule.

Mu Juni chaka chatha mayi Zipora anamwalira atadwala masiku anayi okha. Tinakaika maliro ku Rumphi. Atabwerako, a Gilford sanatsegulenso kompyuta. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza pakhonde, wailesi ili pambali yosayatsa. Sankalira. Ndikafunsa ngati adya ankati adya, mbale zili zovundikira patebulo.

Masiku omwewo pulogalamu inayamba kutumiza uthenga umodzi katatu kwa munthu mmodzi, ndipo azaumoyo amene amayendera amayi kwa Mgona ankatiimbira tsiku ndi tsiku. Joel anakonza. Tinakhala sabata yathunthu tikungoyang'anana, poti ungapite bwanji kwa namfedwa kukafunsa za mauthenga a pa foni? Mapeto ake ndinavomereza ine zimene Joel anakonzazo. Sabata yotsatira tinatulutsa pulogalamu yokonzedwayo. Kenako tinavotera mayi wina wa ku Chinsapo kuti akhale mmodzi wa ife. Palibe chinawonongeka.

Mu Ogasiti mlangizi uja anatumiza kalata. Ndinaisindikiza n'kupita nayo ku Area 25 masana a Loweruka.

“Akuti takhwima, tikhoza kuima patokha, abambo,” ndinatero. “Mwatsala inu kuti muvote.”

Anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere monga ankachitira pochonga mayeso. Chalacho chinaima pa mzere umene ndinkafuna asauone: “Kwa miyezi iwiri woyambitsa sanalembe kanthu, koma ntchito sinaime. Umenewu ndi umboni womwe tinkaufuna.”

Manyazi anandigwira. Ndinakwiyira mlangiziyo, kenako ndinakumbukira kuti palibe mmodzi wa ife anamuuza kuti kunali maliro.

“Walemba zoona,” anatero a Gilford. Mawu awo anali ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi. “Ndiye kuti palibenso amene akundidikira.”

“Ife tikukudikirani, abambo.”

“Ayi, munasiya. Mwachita bwino.”

Anatenga foni yawo, yodzaza mauthenga osawerenga, analemba kuti avomereza, n'kuiika pampando chafufumimba. Kenako anandifunsa ngati lero ndi Lachisanu kapena Loweruka.