Chaka Chimene a Stefa Anakana Mwana wa Kwathu

M'katauni kathu kuno ku Saskatchewan palibe amene anaseserekapo pa ayezi nsapato zake osadutsa m'manja mwa a Stefania Hrynkiw. Ndiwo amanola mipeni ya kunsi kwa nsapato zathu za hoke, masewera omenya kampira ndi ndodo pa ayezi, m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa bwalo la ayezi. Ine ndimagulitsa khofi ndi tchipisi khomo loyandikana nalo, ndiye kulira kwa gudumu lawo lonolera ndakhala ndikukumva zaka makumi atatu. Tonse timangoti a Stefa.

Anabadwira pa famu ya tirigu, mtsikana yekha pakati pa anyamata anayi. Masiku amenewo atsikana sankaloledwa m'timu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anameta tsitsi ndi sizasi yometera nkhosa, n'kubwereka nsapato za mlongo wawo, n'kukalembetsa m'tauni ina kuti ndi Stefan. Anasewera magemu atatu popanda wowazindikira. Gemu yachinayi atamwetsa chigoli, mayi awo anadzambatuka pa benchi akukuwa kuti, "Mwamuona mwana wanga wamkazi ameneyo!" Za Stefan zinathera pomwepo.

Kunola anaphunzira kwa bambo awo, pa nkhwangwa ndi mipeni ya makina odulira tirigu. Mkulu amene ankanola pabwalo maso atayamba kumuvuta, a Stefa anapemphedwa kuti akagwirizire sabata imodzi yokha. Mpaka lero akugwirizirabe.

Amuna awo, a Orest, anawapezera m'kachipinda komweko. Nthawi imeneyo a Orest ankayendetsa basi ya sukulu, ndipo ankabwera ndi nsapato katatu pa sabata.

"Bambo inu, mipeni iyi ndainola dzana lomweli. Mumasewera pa ayezi kapena pa miyala?"

"Yabuntha basi," ankayankha choncho a Orest, maso ali pansi.

A Stefa amanena kuti anavomera ukwati pomvera chisoni nsapatozo, chifukwa chitsulo chinali chitatsala pang'ono kutheratu.

Ntchito imeneyi inawasiyira khalidwe limodzi. Akamaonera gemu pa wailesi ya kanema sayang'ana kampira kapena nkhope za osewera. Amayang'ana mapazi. Chigoli chikalowa, nyumba yonse ikukuwa, iwo amangoti, "Mwaona mmene wakhotera uja wa kumbuyoyo?" Palibe amene amakhala atamuona.

Ndiye panafika chaka chimene Dalton Friesen, mwana wa kwathu konkuno, analowa mu ligi yaikulu. Chiyambire tauni yathu sinatulutsepo wosewera wofika kumeneko. Pofika mwezi wa Febuluwale anali atamwetsa zigoli 24, ndipo manyuzipepala anayamba kumutchula pakati pa oyenera chikho cha wosewera watsopano wopambana onse chaka chimenecho. Chithunzi chake chinamatidwa ku sitolo, ku positi, ngakhale m'chipinda chosungira mikanjo ya kwaya kutchalitchi. Kwa ife nkhani inali yothatha.

Tsiku lina m'mawa azibambo opuma pantchito atakhala pa tebulo lawo la masiku onse pamaso pa kauntala yanga, a Orest anatambasula nyuzipepala.

"Chikho n'cha Dalton ichi. Amene akutsutsa aimike dzanja timuone."

Ankangoseleula. Koma a Stefa, amene anabwera kudzathira khofi m'kapu yawo, anaimika dzanja, lakuda bii ndi fumbi la chitsulo.

"Mayi, tsitsani dzanjalo, anthu akuona," anatero a Orest.

"Aone. Chikho n'cha Hlavenka."

"Ndani ameneyo?"

Anali mnyamata wa ku Slovakia, wotchinga kumbuyo m'timu ina ya kum'mawa imene inkangoluza. Zigoli anali nazo zisanu basi.

"Zisanu!" anatero a Orest akumenya tebulo. "Ine ndinamwetsapo zisanu m'chaka chimodzi, ndili ndi bondo lotupa!"

"Ziwiri mwa izo munamwetsa golo lanu lomwe, bambo. Ndinalipo."

Azibambo aja anafa nacho chikhakhali. A Stefa anapitiriza modekha. Anati mnyamatayo amabwerera chambuyo mwaliwiro kuposa mmene ena amathamangira kutsogolo, ndipo mipeni yake siilira pa ayezi, imangonong'ona. Anati kumwetsa zigoli kumaoneka ndi aliyense, koma kuletsa chigoli chisanayambe n'komwe kununkhira kumaoneka ndi anthu amaso okha.

"Ndiye ife tilibe maso?"

"Muli nawo. Amathera pa kampira."

Pofika masana tauni yonse inali itamva. Ana obwera kudzanoletsa ankawapatsa moni wa Chisilovaki amene anachita kufufuza pa foni. Wina anakhoma mbendera ya dziko la Slovakia pa chitseko cha kachipinda kawo. A Stefa anaiyang'ana, n'kuona kuti yapendekeka, n'kuiwongola. Kunyumba kwawo a Orest anayamba kudula ziwerengero za zigoli mu nyuzipepala n'kumazimata pa firiji. M'mawa ankazipeza akazi awo atayalira makoko a mbatata.

Koma panali munthu mmodzi amene sizinamuseketse: a Bernice Friesen, mayi ake a Dalton. Iwo ndi a Stefa anakulira limodzi, ndipo Lachisanu lililonse ankakumana kutchalitchi kukulunga pirogi zogulitsa, timitanda toikamo mbatata m'kati. Masabata atatu a Bernice ankakhala kumapeto ena a tebulo, akutsina mtanda ngati wawalakwira. Sabata yachinayi anatulukira kubwalo, n'kuima pakhomo la kachipinda kaja. Ine ndinazimitsa wailesi yanga kuti ndisaphonye kanthu.

"Stefa, mwana uja nsapato zake zoyamba unamuveka ndiwe."

"Ndine. Anandilumanso chala tsiku limenelo."

"Ndiye lero ukumukana chifukwa cha mlendo woti sunamuonepo n'komwe?"

A Stefa anazimitsa gudumu, chinthu chimene sachitira ngakhale abusa.

"Bernice mnzanga, Dalton ndi mwana wanga. Akagwa pa kanema paja ine mtima umachita kuti phwii. Koma mwanayo amakhotera kumanzere kokha. Kumanja amakhota ngati thirakitala yokoka ngolo. Ndinayamba kumuuza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ukufuna ndiyambe kunama lero chifukwa wavala malaya a ligi yaikulu?"

"Ukanangokhala chete."

"Anandifunsa. Amene akutsutsa aimike dzanja, anatero mwamuna wangayo. Kamukalipire iyeyo."

A Bernice anatuluka osatsanzika. Madzulo ake anamuimbira foni mwana wawo kumudandaulira, akuyembekeza kuti naye apsa mtima. Dalton anaseka mpaka kutsamwa. Anati kochi wake amamuuza zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo Hlavenka ameneyo anamulanda kampira kanayi m'gemu imodzi, konseko akuyesa kukhotera kumanja. A Bernice anatiuza okha zimenezi patapita masiku, nkhope ili gwaa, n'kuwonjezera kuti, "Komabe zigoli ndi zigoli." Lachisanu lotsatira anabwerera pampando wawo wakale pafupi ndi a Stefa, ngakhale mchere ankachita kupempha kudzera mwa munthu wina.

Ligi inatha Dalton ali ndi zigoli 31. Mwezi wa Juni, tsiku lolengeza, tinakoka kanema wamkulu n'kumuika pakati pa bwalo, poti ayezi anali atasungunulidwa kale. Anthu anabwera ndi mipando yawo, dzuwa likadali m'mwamba. A Orest anavala tayi. A Stefa anabwera ndi epuloni yawo ya kuntchito n'kukhala kutsogolo, mpando wa kumanja ndi wa kumanzere kwawo opanda munthu.

Wolengeza anatsegula envulopu n'kutchula dzina la goloboyi wina wa ku Finland, amene miyezi yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe m'tauni mwathu anamutchulapo.

Kenako a Bernice anaimirira.

"Goloboyi? Munthu wongoima pamodzimodzi atavala matilesi?"

"Mipeni yake ngakhale batala singadule," anatero a Stefa.

Kwa nthawi yoyamba chichokereni Febuluwale tauni inagwirizana. Tinawanyoza atolankhani amene amavota posankha wolandira chikhocho mpaka khofi anatha. Mavoti onse ataonetsedwa, Dalton anali wachiwiri, Hlavenka wachitatu. A Orest anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panakhala akazi awo, akukonza tayi.

"Mayi, kusukulu kuja munaphunzira masamu. Chimayamba n'chiyani, chiwiri kapena chitatu?"

"Onse abwerera kwawo chimanjamanja, bambo. Kanyamuleni mipando."

Kumapeto kwa Julayi Dalton anabwera kutchuthi. Asanapite n'komwe kukaona anzake, anafika kubwalo ndi kathumba ka pepala. Munali malaya a timu ya Hlavenka, amene anachita kukapempha kwa mwini wake, ndipo pamsana mnyamata wa ku Slovakia uja analembapo kuti, "Kwa mayi amene anandivotera okhaokha."

A Stefa anawatembenuza kawiri, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiya mzere wakuda pa tsaya.

"Wawononga malaya abwinobwino ndi inki," anatero.

Anawavala pomwepo. Ndi munthu wamfupi, ndiye anawafika m'mawondo, manja ake akulendewera ngati a chidole choopsezera mbalame. A Orest anaopa kuti gudumu lidzakoka manjawo, choncho Loweruka lake anakhala pakhonde ndi singano, magalasi ali pamphuno, akupinda malaya a munthu amene anakhala akumunyoza miyezi isanu. Odutsa pamsewu ankaimitsa galimoto n'kuwafunsa ngati nawonso asamukira ku Slovakia. Iwo ankangoyankha kuti, "Pitani, mukunditchingira kuwala."