Boti Limene a Majvor Sanakwere

Alamu anga a Majvor Sundqvist anayendetsa basi m'tauni ya Gällivare zaka makumi atatu, koma ntchito imene ankaitchula monyadira inali kuyenda pansi. Chaka chilichonse udzudzu ukatha, ankabereka chikwama n'kutsata njira yodutsa m'mphepete mwa mapiri a Sarek, masabata atatu ali okhaokha, kamba wawo nyama youma ya mphalapala. Ine ndimasamalira kanyumba kogona apaulendo, mtunda wa tsiku limodzi musanafike panyanja ya maboti atatu.

Lamulo la panyanjapo n'lakuti tsidya lililonse pazitsala boti. Ukapeza awiri, mwayi wako. Ukapeza limodzi, uwoloke, ukakoke lina kubwera nalo, kenako uwolokenso. Kupalasa katatu.

Chaka chatha, ali ndi zaka 72 ndipo phewa likuwavuta, ananena kuti ulendowu ndi womaliza, ndipo aumaliza zivute zitani. Anagona kwa ine, n'kunyoza khofi wanga monga mwa nthawi zonse, m'mawa n'kunyamuka.

Patapita masiku anayi ndinangowaona akutsika chitunda, akubwerera.

"Alamu, mwaiwala chiyani? Mano?" ndinawafunsa.

"Boti ndapeza limodzi," anatero akutula chikwama. "Phewa ili lingapalase kamodzi, katatu ayi. Ndadikira masiku awiri kuti mwina wina atulukira kutsidya. Kuli zii."

"Nanga osangowoloka bwanji? Chisanu chayandikira, m'njiramu anthu atha. Akanakuonani ndani?"

"Inu alamu, nzeru zanu zili ngati khofi wanuyu, madzi okhaokha. Wobwera pambuyo panga akapeza gombe lopanda boti, chakudya chitamuthera, adya chiyani? Mbiri yanga?"

Kunena zoona, ndinapsa mtima. Anali atatsala ndi masiku asanu okha kuti amalize. Ndinawauza kuti mawa tipite limodzi ndikawapalasire.

"Munthu wopalasiridwa sasiyana ndi katundu," anandiyankha. "Nyanja yandiuza kuti ndakalamba, ndipo ndamva."

M'mawa analowera kum'mwera kukakwera basi, osacheuka.

Patatha sabata ndinapita kunyanjako kukakokera maboti kumtunda, madzi asanaundane. Boti lija ndinalipeza atalimanga pamwala mfundo ziwiri, madzi onse atakapa, nkhafi ataziika bwinobwino pansi pa mpando kuti mphepo isazitenge. Ndi phewa lomwelo.

Ndinakhala pansi n'kulira, ine mwamuna wamkulu. Sindinanyadirepo munthu chonchi.